Likhweru la Anyamata a Kumtunda

"Taimbaninso," anatero mayi wokalambayo, nsapato yoduka lamba ili m'manja.

Wosoka nsapato anaimitsa singano. Sanazindikire n'komwe kuti amaimba likhweru. Linangotuluka lokha, lija anyamata a kumtunda kwa njanji ankaitanirana kalekale pokamenyana ndi akumunsi.

Iye anali wakumunsi. Likhwerulo anachita kuliba, atabisala kuseri kwa sitolo, ndipo analigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pampanda wa kwawo kwa Kambuku, mtsogoleri wa akumtunda. Kambuku anatuluka akumanga mabatani a malaya, poyesa kuti ndi anzake akumuitanira kumlatho. Pamlatho anapeza akumunsi okhaokha, miyala ili m'manja. Iwo ankangofuna kumuopseza, koma iye anadumphira mumtsinje wosefukira ndipo sanavuukenso.

"Munali mnzake wa mwana wanga Kambuku, eti?" anafunsa mayiyo.

"Tinkadziwana, mayi."

"Ndiye imbani, bambo. Mukuchita manyazi ndi nkhalamba yopanda mano?"

Wosoka nsapatoyo anaimbanso likhweru lija. Mayiyo anatsinzina n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Maliro atatha, anzake onse ndinawaitana, n'kuwaimbitsa mmodzimmodzi pakhomo panga," anatero mofatsa. "Onse ankamaliza mokweza. Amene anadzamuitana tsiku lija ndi yekhayo anamaliza motsitsa, ngati inuyo."

Anamuikira nsapato ija pamwendo, n'kukhala pabenchi moyang'anizana naye.

"Musoke bwinobwino, mwananga. Ine ndilibe kothamangira, ndidikira pompano."