Pamaso pa Mfumu Konstantino

Zakeyo anavula chipewa pamaso pa mfumu Konstantino, nayang'ana uku ndi uku ngati pali womuona. Kamsewuko kanali zii. Alendo onse anali ataunjikana pa chiboliboli china chotchuka cha mfumu yomweyo, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzinda wa York. Ichi chinali chocheperapo, choimirira pa kabokosi, chamtundu wa mkuwa kuyambira kuchisoti mpaka kunsapato. Pamapazi pake panali mbale ya timakobili. Zakeyo anapukusa mutu. Azunguwa kutchalitchi sapita, koma fano amalipatsa chopereka.

Chomwe chinamuchotsa ku Bradford masana a Lamlungu limenelo ndi Temwani, namwino amene ankafuna kumukwatira. Makolo a mtsikanayo ali ku Mzimba, choncho kuno khomo lolowera linali amalume ake, a Mumba, mkulu wa mpingo wathu. Mawa lake madzulo Zakeyo amayenera kukaonekera kwa iwo, yekhayekha, poti wachibale womuyankhulira kuno analibe.

A Mumba ankamudziwa Konstantino ngati anakulira mudzi umodzi. Ntchito yawo ankangoti ndi ya mbiri yakale ku York, ndipo ife, anthu osafunsa munthu wovala tayi, tinawapatsa tokha uprofesa. Ngakhale kunyezimira kumene kunkaoneka kuseri kwa makutu awo, amayi a mumpingo anagwirizana kuti ndi mafuta odula.

M'mawa umenewo anali atalalikiranso za mfumuyo. Anayamba ndi kukonza kukhosi kawiri, monga mwa nthawi zonse, kenaka anafotokoza kuti asilikali anamulonga ufumu mu York momwemo, kuti akuti anaona mtanda kumwamba asanalowe kunkhondo, kuti analetsa kuzunza Akhristu, ndipo analamula kuti Lamlungu likhale tsiku lopuma. Atafika pamenepo anayang'ana mzere wa ife osamalira okalamba. Anati mfumu ya Aroma inalemekeza tsikuli, koma Mmalawi wobatizidwa ali khanda akuti ali pa shifiti. Mapemphero atangotha ananyamula chikwama chawo chachikulu n'kuthamanga, akuti kokaona odwala.

Mawuwo analasa Zakeyo, chifukwa Lamlungu lambiri limamupeza ku care home, nyumba yosamalira okalamba, akusambitsa agogo a eni ake. Temwani anali atamuuza mosabisa kuti amalume safuna mkamwini wojomba kutchalitchi. Ndiye anakwera sitima kudzaiona mfumuyo ndi maso ake, kuti mawa akakhale ndi poyambira nkhani.

Poona kuti malowo ndi achete, anaganiza zoyeserera mawu ake. Ananjuta, napinda manja, nayamba bwinobwino. Anatchula kwawo, mpingo umene anabatizidwira, ndi ulemu umene ali nawo pa banja la a Mumba. Chibolibolicho sichinamudule mawu, sichinamuyang'ane ndi diso la kuguwa. Munthu wamantha akapeza womumvera wosayankha amasanduka ngwazi, ndipo Zakeyo anaimirira.

"Koma inu a Konstantino, lamulo lanu lija munalipanga musanaone rota ya mashifiti a ku care home," anatero. "Nkhalamba ikadziipitsira Sunday, idikire Monday? A Mumba amayankhula chonchija chifukwa ali mu office, manja osalala. Munthu wodzola mpaka makutu kuwala ngati poto watsopano!"

Anawayesezera mayendedwe, anawayesezera kakonzedwe ka kukhosi, mpaka anaseka yekha. Kenaka kuseka kunatha. Anauza mfumuyo kuti iyeyo amamukonda kwambiri Temwani, kuti ntchitoyo ndi imene imamusunga m'dziko lino ndiponso imaphunzitsa azing'ono ake ku Ntcheu, ndi kuti akakanidwa mawa sakudziwa kolowera. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo anachita manyazi kulira pamaso pa chitsulo.

Chinatsala chinthu chimodzi. Temwani anamuphunzitsa kuti kwawo amalume satsegula pakamwa pa nkhani ya ukwati usanawaikire kandalama m'mbale. Zakeyo sanafune kudumpha mwambo ngakhale poyeserera. Anapisa m'thumba, anagwada, naika kobili m'mbale muja ndi manja awiri.

Kobililo litangolira, chibolibolicho chinakweza lupanga n'kuwerama mwaulemu, monga chinazolowera kuchitira aliyense woponya ndalama. Zakeyo anagwa chagada. Ali pansi pomwepo anamva mfumu ya Aroma ikukonza kukhosi kawiri.

"Mwanayo mutenge, a Zakeyo," anatero a Mumba, milomo yokha ikugwedezeka pansi pa utoto. "Koma lero simunafike ku York. Tsopano sunthani, mukunditchingira makasitomala."