Fyuzi Siinapse

"Chimkuzamawu chikazimanso ndili pakati polankhula, ndikuthyola zala," anatelo sajeni Mwanza.

Stanislaus Lungu, makaniko wogwila ntchito ku Petauke, anatenga zida zake. Sajeniyu ankamusungila kampeni kumphasa chikanile kukhala kazitape wake. Stanislaus anamanga kabokosi kena ka mafyuzi pansi pa chiwongolelo cha Landilova ya apolisi, napatsa chimkuzamawucho waya wakewake wochokela ku batile.

"Kwela, tikachiyese," anatelo sajeni.

Anakaima pamsika wa Nyimba, kwawo kwa Stanislaus. Apolisi anatsika n'kuyamba kugwila amuna okana boma la Chitaganya, pamodzi ndi Fabian, mlamu wa Stanislaus.

Sajeni anakonza kukhosi, mawu n'kuphulika pamwamba pa galimoto. "Tikuthokoza a Stanislaus Lungu, amene ali muno, potithandiza lelo!"

Msika wonse unacheuka. Ennie, mlongo wa Stanislaus, anamuyang'ana, nalavula pansi. Stanislaus anapemphela chamumtima kuti fyuzi ipse dzinalo lisanabwelezedwe, koma ntchito anali ataigwila bwino. Linamveka mpaka kumadimba, kumene amai ake ankathilila ndiwo.

Sajeni anamutsegulila chitseko akumwetulila.

"Tsikani, bambo Lungu. Mwafika kwanu."