Mphuno Pakhoma

Mwana wanga wamkazi ndinakamutenga kumalo aja owongolera ana ovuta atakhalako miyezi isanu. Ndinamupititsa ndekha chifukwa chothawa sukulu, ndipo anabwerako nthiti zikuonekera. Pano akudya, akuseka, dzulo anandiyankhako mwano, ine kumtima mbee. Chatsala n'chimodzi. Akaswa kapu kapena kutaya madzi, amakaima yekha mphuno pakhoma, manja kumbuyo, mpaka wina amugwire paphewa. Akuti kumeneko ena ankaima choncho masiku awiri osadya.

Lachitatu ndinaiwala zovala pachingwe. Ndinatuluka mdima utagwa, beseni m'manja, ndikung'ung'udza kanyimbo. Ndikuanula thaulo, ndinamuona ataima kukhoma la bafa. Anali atavala diresi lotuwa la kumalo kuja, lomwe ndinaliwotcha ndi manja angawa.

"Iwe, wayambanso? Waswa chiyani? Kaya ndi mbale, siinali yagolide. Lowa m'nyumba, ine ndatopa."

Sanagwedezeke. Udzudzu unali utaunjikana m'miyendo mwake, iye osauthamangitsa n'komwe. Ndinausa moyo, n'kuika beseni pansi, n'kumuyandikira nditatambasula dzanja.

"Amayi."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Nditacheuka, mwana wanga anali pakhomo la khitchini, atavala juzi yanga, supuni ili m'manja.

"Amayi, chonde musamugwire," ananong'ona. "Ameneyo ankagona bedi loyandikana ndi langa. Amatroni anamuiwala pakhoma. Mukamugwira atembenuka."

Koma zala zanga zinali zitafika kale paphewa pake.