Zithunzi Zimene Mlamu Anafufuta

Mlamu wa mayi wina wamasiye, katswiri wa pakamwa pokha, ndiye anafufuta chigawo chonse cha kompyuta ya malemu, ati akuikonza. Zithunzi zonse za amuna ake zinali momwemo. Mayiyo ananyamula kompyutayo ataweruka kuntchito, kunja kutada, n'kupeza wokonza makompyuta akutseka chitseko.

"Tsegulani, bambo. Amuna anga ali umu."

Wokonzayo anafunsa chimodzi chokha: "Chifufutireni, mwasungamo kanthu?"

"Akanaikhudza ndani? Mlamuyo ndinamupirikitsa ndi tsache."

"Mwachita bwino, mayi. Zofufutidwa sizichoka, zimangobisala, bola osasunga zina pamwamba pake."

Anadikira pabenchi, makina akulira ngati udzudzu. Kenaka zithunzi zija zinayamba kutuluka chimodzichimodzi: za ukwati, za ana ali makanda, za malemu akuseka mano onse pamtunda. Mayiyo anapukuta misozi, mtima unakhala pansi.

Chomaliza chinali cha pabalaza. Malemu anali pampando wawo, miyendo patebulo, kumbuyo kwawo kuli makatani obiriwira.

"Imani pamenepo," anatero mayiyo. "Makataniwo ndagula mwezi wathawu. Amuna angawa tinawaika m'manda chaka chatha."

Wokonza uja anayang'ana tsiku limene chinajambulidwa. Anachotsa manja pakompyuta pang'onopang'ono.

"Mayi, ndi cha dzulo. Ndichifufute?"

"Mufufutenso? Mukangochikhudza ndikuthyolani zala!"

Anasendera pafupi, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Taonani, nsapato zamatope patebulo langa. Ndipatseni kompyutayo, bambo. Ndikawapeza kunyumba."