Tsamba la Mauthenga Akale

Pulogalamu yoyendetsa mafoni a m'mudzi ndi ya aliyense, koma ili ndi lamulo limodzi: gawo limene malangizo ake sanakonzedwe ndi munthu mvula isanagwe, limafufutidwa. Tsamba lofotokoza kamvetseredwe ka mauthenga akale amalisamala a Nangondo okha. Anzawo olemba nawo anasiya kalekale.

Mwana wa a Nangondo, Ndaziona, atabwera kudzatenga mbewu, anawapeza akulimbana nalo pakhonde.

"Amayi, tsamba limeneli palibe amaliwerenga. Bwanji osangolisiya?"

"Ndikalisiya, mauthenga onse apita nalo. Khala apa undigwirire foniyi. Malangizo sitilemba tisanayese."

Ndaziona anadina manambala monga mayi ake ankatchulira. Munamveka phokoso la chigayo, kenako mawu a malemu bambo ake: "Anangondo, mzere watalika kuno. Musandidikire, muzidya."

Ndaziona anaika foniyo pamphasa, napita kukamanga thumba lake panjinga.

A Nangondo anasintha liwu limodzi patsambalo, nalemba kuti zonse zikugwirabe ntchito. Dzuwa linapendeka chakudya chawo chili chivundikirire, maso ali kunjira ya kuchigayo.