Phokoso Litatha M'galimoto

"Adadi, mukulankhula ndi ndani?"

Ndinagwiritsa chiwongolero. Tinali pamsewu wa 401, kuchokera ku galaja ya ku Etobicoke, komwe amakaniko anali atangomata mphira wokhuthala m'zitseko ndi pansi pa galimoto, n'kusinthanso paipi ya utsi imene inkabangula. Mwana wanga Tiyanjane ndiye anaumirira zimenezi, ati anatopa n'kukuwa polankhula nane.

Tsopano mphepo sinkamvekanso. Matayala ankangonong'ona.

"Sindinalankhule," ndinatero.

"Mwalankhula," anayankha m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse. "Mwati, 'Amake Tiya, taonani sinowo yayambanso kugwa.'"

Chimwalirire mkazi wanga Agnes, ndinkamuuza tinthu ndikamayendetsa: za kuntchito, za bondo langa, za mwanayu. Ndinkayesa kuti ndimanenera mumtima. Kani milomo inkatulutsa mawu, phokoso n'kumawakwirira, mwiniwakene osawamva.

Ndinatambasula dzanja kuti nditsegule wailesi. Tiyanjane anandigwira pamkono.

Iyeyu anabadwira kuno kunja, kutali ndi kwathu, ndipo Chichewa anachisiya tsiku lomwe tinaika mayi ake. Anayang'ana kutsogolo, n'kuyamba kutola mawu limodzilimodzi, m'Chichewa chothyokathyoka.

"Musasiye, adadi. Muwauze... muwauze kuti ndili pompano."

M'galimoto munali zii, moti ndinkamva kupuma kwake. Anali kudikira.

"Amake Tiya," ndinayamba.

Njira yathu yopatukira ku Markham, komwe timakhala, ndinaiona titaipitirira kale.