Kanema wa Malemu Hiramani

Ndinamuchenjeza mwana wanga Sudip kuti asagule kanema wofanana ndi wa aneba, koma ana samva. Akadina rimoti, wa a Hiramani kuseri kwa khoma lamatabwa ankayakanso. Atamwalira bambowo zinafika pochititsa manyazi, poti nyumba yolira siyatsa kanema.

Kutada ndinatenga tepi yakuda n'kupita kwawo kuti ndikamate kadiso kolandira rimoti pa kanema wawoyo.

"Pepani achemwali," ndinatero kwa Dhanmaya, mkazi wamasiyeyo. "Tamuyatsanso."

Anandilozera patebulo. Panalibe kanthu.

"Tinampereka kwa wansembe, pamodzi ndi zofunda zawo."

Koma nyimbo yamapemphero inkamveka pomwepo, chapansipansi. Ndinaitana Sudip kuti azimitse wathu. Patebulopo panati zii.

Ndinagwada.

Dhanmaya ananong'ona: "Muuzeni ayatsenso. Malemu anali asanamalize kumvera."